Uthenga wa mawu kwa msuweni wanga, pa za mfuti ya apongozi ake

Suwe, ndamvetsera. Dikira ndiime bwino... eya. Wafunsa kuti scope, galasi lolozera lija, ya shotgun ya apongozi akoyo uikonzere pa mayadi 50 kapena 100, poti nyengo ya agwape kuno ku Indiana, ku America, ikutsegulidwa pakati pa Novembala. Chithunzi cha pepala lako ndachionanso. Aa, iwe! Bowo lina kumwamba, lina kumanzere, lina lathawiratu pepala. Unkaombera pepala kapena unkathamangitsa ntchentche?

Chabwino, za mayadizo ndiyankhe msanga. Yamba wasuzumira mu paipi ya mfutiyo, ilibe chipolopolo, wamva? Ngati m'kati ndi mosalala, gula ma slug, zipolopolo zazikulu zotuluka chimodzi osati timpira tambiri, aja amati rifled, ndipo usamaganize zopitirira mayadi 50, mwina 75. Ngati muli mizere yopota, imeneyo imadya slug ya mtundu wina yotchedwa sabot, imafika 100 bwinobwino. Yambira pa 25 kuti ungopeza pepala, kenako 50. Omba katatu, ona pakati pa mabowowo, ndiye upotokole timabatani ta scope. Ma scope ambiri kudina kamodzi ndi kota ya inchi pa mayadi 100, ndiye pa 50 ndi theka la pamenepo. Ukaphonya ndi mainchi 2 udina ka 8... ayi, ayi, ka 16. Ndipo mtundu wa zipolopolo umene wayesera ndi umene upite nawo kutchire, usasinthe.

Koma ukuwakumbuka amalume, bambo ako aakulu a ku Kasungu? Iwe unali kamwana, chinali chaka cha mlandu wa ng'ombe uja, mayi anga asanabwerere ku Dowa. Nguluwe zinkatha chimanga kumunda wa kudambo. Amalume anamanga nsanja, n'kumagona komweko ndi gogodela yawo ija. Usiku timva phuu! Agalu kuuwa mudzi wonse, ife ana kumeza malovu kuti mawa ndiwo ndi nyama. Kukacha akubwera chimanjamanja, phewa litatupa. Akuti onga wanyowa. Agula onga wina, chimodzimodzi. Akuti paipi yapindika, ulendo wa panjinga kwa wosula uja wa kumsika, wosula akuti mfutiyi ilibe vuto. Mpaka anayamba kunena kuti pali amene anaiponda dala, ukudziwa amene ankamuganizira, sindimutchula muno m'gulu.

Ndiye azakhali, mayi aja osalankhulalankhula, anawatsatira tsiku lina madzulo atanyamula phala. Anakhala pansi pa nsanja n'kumangowayang'ana. Mmawa mwake akusesa pabwalo anangoti, "Bambo, inu mukamaomba mumatsinzina, nkhope n'kutembenuzira uko." Amalume anakwiya, nsima sanadye. Koma masiku otsatira tinkawaona pansi pa mtengo wa mango, mfuti yopanda onga, akuloza mphako n'kumakhethemula, maso ali tong'o. Ife kumaseka kuseri kwa nkhokwe. Nguluwe ija munadya pa chinkhoswe cha achemwali inachokera pamenepo. Ndimawasowa madala amene aja.

Tsono suwe, zimene wafunsa si zimene zikukuvuta. Scope ikakhala yosakonza, mabowo amaunjikana pamodzi koma pamalo polakwika. Ako amwazikana. Iweyo ukuiopa mfutiyo, ndipo ukuopa kuchita manyazi pamaso pa apongozi. Palibe chodabwitsa, shotgun ya paipi yaikulu ya 12 gauge yokhala ndi slug ya magalamu 28 imamenya phewa zenizeni, thupi limayamba kudziteteza chala chisanakoke. Komanso slug imayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi chipolopolo cha rifle, mfuti imayamba kudumpha icho chisanatuluke, ndiye dzanja lakutsogolo ligwire zolimba, kagwiridwe komweko nthawi zonse. Diso usaliyandikitse ku scope, ingakuteme pachikope.

Chita izi: mnzako azikuikira mfuti iwe utayang'ana kumbali, nthawi zina aike chipolopolo chabodza. Ikangoti kha osaphulika, udziona wekha mmene mutu ukugwera. Vala zotseka m'makutu, phokoso limaonjezera mantha. Ika kanthu kofewa paphewa, omba zochepa, upume, paipi izizire. Ngati apongozi ali ndi 20 gauge, ipemphe, imamenya pang'ono koma gwape imagwetsa. Munthu wa kumunda ngati amene uja angakulemekeze ukapempha, zimene sangakondwe nazo n'kulasa nyama pamimba, muzikaifuna usiku ndi matochi ikuvutika.

O, laisensi usaiwale, ndi chovala cha olenji chija. Ndiwe wobadwa 1986 itadutsa, ndiye maphunziro a alenje akukukhudza, funsa bwino. Ndi viza yakoyo, lamulo la dziko lino limaletsa kugwira mfuti pokhapokha uli ndi laisensi ya ulenje, ndiye iyambe ndi imeneyo.

Ndikubwereza, scope usaikhudze kaye, konza maso ndi phewa mpaka zitatu zigwere m'mbale ya pepala imodzi. Pamene zikulowa m'mbalemo, mtunda wako ndi womwewo, gwape akaima kutali musiye apite. Vuto ndi kutsinzina, suwe, osati galasilo. Loweruka ndibwera ndidzakuikire ndekha, uuze alamu aphike nyemba zija.