Kodi aliyense ali ndi ADHD masiku ano?

Amayi ena a ku Katete andilembera imelo yokhudza ADHD, vuto la muubongo limene limachititsa munthu kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika ndi kuchita zinthu mopupuluma. Akuti: "Ndikatsegula TikTok kapena Facebook, aliyense akunena kuti ali ndi ADHD. Inenso ndimaiwala pamene ndaika makiyi, ndipo mwana wanga wa giredi 3 sakhazikika m'kalasi. Kodi vutoli lafala chonchi?"

Amayi, foni imakupatsani zimene maso anu achedwapo. Mukaonera kavidiyo kamodzi ka ADHD mpaka kumapeto, mawa ikubweretserani khumi, ndiye mumayamba kuona ngati dziko lonse lili nalo. Komanso amene alibe vutoli sajambula vidiyo yonena kuti lero wakumbukira makiyi. Mu 2022 ofufuza a ku Canada anaunika mavidiyo 100 otchuka kwambiri a ADHD pa TikTok, ndipo 52 anapezeka osocheretsa.

Kafukufuku wa m'mayiko ambiri amasonyeza kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali ndi vutoli, akuluakulu 2 kapena 3. M'kalasi ya ana 60, ndiye kuti atatu.

Kuiwala makiyi, tonse timaiwala. Madokotala amayang'ana ngati zizindikiro zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12, ngati zatha miyezi 6, ndiponso ngati zikumusokoneza kunyumba ndi kusukulu komwe. Mwana amene wapita kusukulu osadya kanthu, wochepa magazi, wosagona mokwanira kapena wosaona bwino pabolodi naye sakhazikika.

Koma chimene chimandiwawa ine n'china. Kuno ku Chipata ana atatu aja sitiwadziwa n'komwe. Timangowatcha osamva, amwano, ndipo mankhwala ake ndi chikwapu. Mwana wa achemwali anga anakula choncho. Ukamutuma mchere kumsika wa Kapata, amabwera ndi ndalama ili m'manja, waiwala chimene wapitira. Makope ake anali odzaza ziganizo zolekezera panjira. Anakwapulidwa mpaka anadana nayo sukulu, ife n'kumati ndi ulesi. Palibe anaganiza zopita naye kuchipatala, ngakhale ine amene.

Wanuyo musamuyeze ndi foni, amayi, komanso musamukwapule. Kambiranani ndi aphunzitsi ake, akuuzeni zimene amaona tsiku ndi tsiku. Mutenge makope akewo mupite nawo kukiliniki, akamuyeze magazi, maso ndi makutu, ndipo mukapemphe kuti akutumizeni kwa oona za umoyo wa maganizo. Mukawauze zonse, ndi za mmene amagonera usiku zomwe.