Mbewa za ku Marion zalakwanji?

Bambo wina amene amagwira ntchito padoko ku Cape Town wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Sitima yofiira ija, SA Agulhas II, akuti imapita ku Marion Island, komwe akufuna kupha mbewa zonse. Kumeneko n'kuti, nanga mbewazo zalakwanji?"

Zikomo bambo, mwafunsa bwino. Marion ndi chilumba cha South Africa, chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kum'mwera chakum'mawa kwa Cape Town. Chilumba chonsecho ndi phiri lophulika lomwe linatumphuka pansi pa nyanja, ndipo silinazime, linaphulikanso mu 1980. Nsonga yake, Mascarin Peak, ndi yotalika mamita 1,230. Mtengo kulibe ngakhale umodzi. Kuli udzu, ndere, matope ndi miyala yakuda, mphepo usiku ndi usana, mvula pafupifupi tsiku lililonse. Anthu okhalako ndi akatswiri a zanyengo ndi ofufuza basi.

Eni malo enieni ndi mbalame. Kumaswana ma penguin, mbalame zosauluka zodziwa kusambira, komanso albatross, mbalame yomwe ikatambasula mapiko imapitirira mamita atatu. Imaikira dzira limodzi lokha pa zaka ziwiri, pachisa chamatope chapansi, chifukwa kuyambira kalekale kunalibe chilombo choyenda pamtunda.

Mbewa zinabwera ndi masitima a alenje a nyama zam'nyanja m'zaka za m'ma 1800. Mu 1949 anabweretsa amphaka asanu kuti azigwira mbewazo. Koma amphaka anaona kuti mbalame n'zosavuta kugwira, ndipo pofika 1977 analipo oposa 3,000. Anatha kuphedwa mu 1991, mbewa n'kutsala zokha.

Tsopano apa ndiye pondiwawa mtima. Chilumbachi chikufunda, mbewa zachuluka, tizilombo timene zinkadya tachepa. Ndiye usiku zimakwera pachisa n'kuyamba kudya mwanapiye wa albatross pamutu ali moyo. Mwanapiyeyo ndi wamkulu kuposa nkhuku, koma sadziwa mdani wotere, amangokhala phee, khungu lapamutu likusendedwa mpaka fupa kuonekera. Kenaka amafa ndi mabalawo.

N'chifukwa chake boma la South Africa ndi bungwe loteteza mbalame la BirdLife South Africa akukonza zomwaza mankhwala a mbewa pachilumba chonse ndi ndege za helikopita, m'nyengo yozizira pamene mbewa zili ndi njala. Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ntchitoyi silola theka: ikangopulumuka yaikazi imodzi yabere mumphako ya mwala, ayambiranso poyamba.