Nyambo isathamange: yankho kwa mnzathu wa ku Namiasi

Mnzathu wina wa ku Namiasi wanditumizira imelo. Akuti anaonera pa YouTube anthu akugwira bass ndi nyongolotsi zapulasitiki, nayenso anagula zake, koma akaponya mu Shire pafupi ndi mlatho wa pa boma la Mangochi palibe chimene chikudya. Akufunsa ngati vuto ndi nyambo kapena malo.

Achimwene, bass ndi nsomba ya ku North America. M'nyanja yathu mulibe, ndipo tisalakelake kuti ibwere, chifukwa imadya ana a nsomba zina pamene chambo chathu chachepa kale. Koma nyongolotsi zanuzo musataye. Kuno tili ndi sungwa, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo: imabisala m'mabango, mu udzu wa m'madzi kapena pansi pa mtengo wogwera, n'kumadikira kansomba kofooka kuti kadutse pafupi. Sikonda kuthamangitsa chakudya mtunda wautali.

Ndikuganiza kuti mukukoka msanga. Ambiri akangoponya amayamba kukulunga chingwe, nyambo n'kudutsa pamaso pa nsomba ngati kabaza wothamangira kasitomala.

Ponyani m'mphepete mwa bango, osati pakati pa mtsinje. Chingwe chisakungike kwambiri, nyambo imire yokha. Nthawi zambiri nsomba imagwira nyambo ikumira, ndiye maso anu akhale pamene chingwe chalowera m'madzi. Chikanjenjemera, kapena chikayamba kuyenda cham'mbali, dziwani kuti kwabwera mlendo. Ngati nyambo yafika pansi popanda kanthu, isiyeni pomwepo, muwerenge mumtima mpaka 20. Kenako kwezani nsonga ya ndodo pang'ono chabe, kutalika kwa chikhatho, n'kuisiyanso igwe. Nsomba imamva kugwedezeka kwa madzi kudzera mu mzere umene uli m'mbali mwa thupi lake, choncho simukuyenera kuchita phokoso kuti idziwe zoti pali kanthu. Yadziwa kale, ikungoyang'ana ngati kanthuko n'kosavuta kugwira. Kudikirako n'kowawa, manja amayabwa, koma m'kanthawi kameneko ndi mmene nsomba imatsimikiza mtima.

Mtovu womiza nyambo ukhale wochepa, wongokwanira kuti madzi asakokolole nyambo. Mu Shire madzi amayenda, ndiye funani pokhota pamene akuzungulira pang'onopang'ono.

Pulasitiki ndi usipa zimasiyana pa chinthu chimodzi. Nsomba ikaluma pulasitiki imazindikira msanga kuti si chakudya n'kulavula, choncho kungani chingwe ndipo kokani mwamphamvu nthawi yomweyo. Ikakhala nyambo ya usipa wauwisi kapena nyongolotsi zokumba, ipatseni mpata iyende nayo pang'ono, ilowetse m'kamwa bwinobwino. Ine ndimadalira usipa wa m'mawa womwewo kuposa chilichonse cha m'sitolo.

Nthawi yabwino ndi mbandakucha ndi madzulo dzuwa likapendeka. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba ndipo madzi azizira, nsomba zimachita ulesi, ndiye kudikira kuja kuwirikizeni kawiri.

Chomaliza ndikupempheni ndi mtima wonse. Kawedzedwe aka kamakukhazikani malo amodzi nthawi yaitali, m'mbali mwa bango, kukuchita chisisira, ndipo umu ndi mmene ng'ona za mu Shire zimapezera anthu. Musaime m'madzi, khalani patali ndi m'mphepete, musatayire matumbo a nsomba pamene mukuwedzerapo, ndipo musapite nokha.