Kachere kapena jakaranda pabwalo laling'ono?

Funso: Bambo, nyumba yathu ili ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndipo bwalo ndi laling'ono. Mu Okutobala timapsa ndi dzuwa. Amuna anga akufuna kachere ngati wa kwawo ku Ntcheu, ine mtima uli pa jakaranda wa ku Avenues, dera la pafupi ndi pakati pa mzindawu. Tibzale uti? — Mayi wa ku Mufakose

Yankho: Mayi, ndasamalira mayadi a anthu ku Highlands, mu Harare momwemuno, zaka zambiri, ndipo ndikuti musabzale uliwonse mwa iwiriyi.

Bambowo ndikuwamvetsa. Nanenso ndinakulira pansi pa kachere, pomwe akuluakulu ankakambira milandu. Komatu kumudzi mizu ili ndi koyenda. Kuno imanunkhiza madzi n'kulowa m'mapaipi a chimbudzi, kenako n'kutukula mpanda wa simenti womwe timati durawall. Ndinathandizapo kugwetsa kachere wina atang'amba khonde la nyumba, mwini wake akulira.

Jakaranda anachokera ku South America, ndipo amakongola ku Avenues chifukwa misewu yake ndi yotakata. Mwaonetsetsa kodi? Mu Okutobala, pomwe inu mukufuna mthunzi, iye amakhala maluwa okhaokha, masamba atayoyoka. Bulugamu ndiye musayerekeze, amamwa madzi kwambiri.

Bzalani peyala womezanitsa, monga Hass kapena Fuerte. Sayoyola masamba onse, ndipo amabereka pakatha zaka 3 kapena 4, pomwe wobzala nthangala mumadikira mpaka kutopa. Akhale kumadzulo kwa nyumba, mamita 5 kuchokera pakhoma, kutali ndi mapaipi ndi mawaya a magetsi. Pafupi ndi khitchini ikani mandimu, muziwathirira madzi otsukira ndiwo, poti madzi a m'mipopi ku Harare kuno amabwera mwa apo ndi apo. Kumpanda, maluwa oyanga a bougainvillea amapirira chilala. Lantana ayi, amafalikira ngati udzu ndipo amapha ziweto.

Dikirani mvula ikhazikike. Loweruka loyamba la Disembala ndi tsiku lobzala mitengo m'Zimbabwe muno, nthaka imakhala itanyowa. Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, musakanize dothi ndi manyowa owola bwino. Mu Juni ndi Julaye muutchingire kamtengoko ndi udzu, chifukwa kamawauka ndi chisanu.

Za bambowo, adule mgolo pakati, abzalemo nthambi ya kachere, auike pasimenti, aziitengulira chaka ndi chaka. Imaphuka mosavuta, ndipo mizu siituluka.