Oyilo akamatsikira mu sampu njinga ili chiimire

Owerenga ena atumiza funso pa imelo. Ali ndi njinga yamoto ya Norton Commando ya 1972, ndipo akuti ikatha milungu itatu osayenda, oyilo m'thanki amapezeka atatsika, kiki imalemera, ndipo injini ikalira imafuka utsi wabuluu. Akufunsa ngati angoika valavu yotchinga oyilo pa payipi yochokera ku thanki.

Bambo, valavuyo muyambe mwaisiya kaye. Vuto limeneli, limene amakaniko amalitchula kuti wet sumping, kutanthauza oyilo kutsikira mu sampu (pansi pa injini), silipha injini msanga, koma njira zina zolithetsera zimapha.

Njinga zambiri zakale za ku Britain, monga Norton, BSA ndi Triumph, zimasunga oyilo m'thanki yapayokha yomwe ili pamwamba kuposa pampu. Pampuyo ili ndi mbali ziwiri: ina imatumiza oyilo m'injini, ina, yamphamvupo, imamukoka mu sampu n'kumubwezera ku thanki. Injini ikazima, palibenso chobweza. Oyilo amangotsika yekha ndi kulemera kwake, kudzera m'timipata ta pakati pa magiya a pampu ndi thupi lake, dontho ndi dontho. Pampu ya magiya ngati ya Norton ndiyo yodziwika ndi khalidweli. Ya Triumph ndi ya timapisitoni tokhala ndi timipira totseka, motero siidontha kwambiri.

Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kuona thanki ili yotsika n'kuthiramo oyilo wina. Injini ikalira, uja anali mu sampu amabwerera, thanki n'kusefukira. Thanki ya Commando imalowa malita osakwana 3, ilibe malo a alendo. Muziyeza oyilo injini itayenda kwa mphindi zingapo, osati ili yozizira.

Njinga ikakhalitsa, masulani pulagi ya pansi pa sampu musanaponde kiki, ndipo khetserani oyilo m'chiwiya choyera chokhala ndi muyezo. Wokwana kapu imodzi si nkhani, amatsalamo nthawi zonse. Akafika lita, mukanaliza injini, bwenzi atatulukira ku payipi yopumira, kapena atakankha silo (rabala lotchinga oyilo) ya kirankishafiti n'kulowa ku tcheni cha pulayimale, cholumikiza injini ndi kilatchi. Ngati ali woyera, m'bwezereni m'thanki. Muyezowo muzilemba pamodzi ndi masiku amene njinga yaima, kuti mudziwe ngati zikuipiraipira.

Mankhwala enieni ali pa pampu. Chotsani chivindikiro cha mbali ya timing, kumanja kwa injini, masulani pampu, ndipo yesani kukankha shafiti yake uku ndi uku. Ikamasewera, ndiye kuti magiya ali ndi mpata m'mbali, ndipo oyilo akudutsa pamenepo. Ikani sandipepa wosalala, wa nambala 600, pa galasi lafulati, donthezanipo oyilo wopepuka, ndipo pekesani nkhope ya thupi la pampu mozungulira ngati mukulemba nambala 8. Pang'onopang'ono, mukumanga n'kuyesa kawirikawiri. Mbali imodzi ithe kaye musanagwire inayo. Pampu yabwino imazungulira ndi zala molimbirako koma osagwira. Mukapitirira muyezo, magiya amamangika, ndipo chitsulo chimene chachoka sichibwerera. Tsukani bwinobwino mchenga wa sandipepa, thirani oyilo m'pampu musanaimange, ndipo ikani gasiketi yatsopano pamodzi ndi karabala ka pakamwa pa pampu.

Amene ali ndi BSA A10 kapena A65 ayang'anenso kampira ndi sipuling'i kuseri kwa pampu. Kachinyalala kamodzi kokha kamalepheretsa kampirako kukhala bwino pampando pake.

Tibwere ku valavu ija. Ya sipuling'i imene imaikidwa pa payipi imatseguka pokhapokha pampu ikakoka. Mpweya ukalowa pakati pa valavu ndi pampu, pampu yotha kale ija imalephera kukoka, valavu imakhala chitsekere, ndipo injini imayenda youma mpaka mabeyaring'i a big end, olumikiza mikono ya mapisitoni ku kirankishafiti, atapsa. Kampani ina ya ku Britain, Velocette, inkaika valavu ya kampira yotere kuchokera ku fakitale, n'zoona, koma ine sindingaiike pa pampu yosakonza. Norton yomwe itafuna kuthetsa vutoli pa Commando Mk3 ya 1975, inaika valavu m'chivindikiro cha timing, ku mbali yotulukira oyilo m'pampu, komwe imatsegulidwa ndi mphamvu yokankha osati yokoka.

Mpopi wotseka ndi dzanja umagwira ntchito, koma tsiku limodzi mudzaiwala kutsegula. Ngati mwasankha umenewo, ukhale wokhala ndi switchi yodula moto wa ku mapulagi, kuti injini isalire mpopi uli wotseka. Bowo lake lisachepe kuyerekeza ndi la payipi.

Zothandizirako pang'ono ziliponso. Oyilo wa SAE 50 amakhala wolimba kuposa 20W-50 akazizira, choncho amatsika mochedwa. Kusiya mapisitoni ali pamwamba poimika njinga kumachepetsanso kudontha. Ndipo nthawi iliyonse mukaliza injini, tsegulani chitsekero cha thanki muone ngati oyilo akubwerera. Ngati sakuoneka pakatha theka la mphindi, zimitsani pomwepo muyang'ane sefa ya mu sampu, ngati ilipo, ndi payipi yobwezera.