Fayilo ya nyumba yasowa ku khonsolo, kodi timange basi?

Mayi wina wa ku Mzuzu wandilembera imelo. Bambo ake anamwalira n'kusiya nyumba ya zipinda zitatu ku Chibavi, yomangidwa cha m'ma 1980. Iye ndi abale ake akufuna kuwonjezera zipinda ziwiri komanso kumanga tinyumba ta lendi kuseri. Atapita ku khonsolo kukafunsa pulani yakale, anauzidwa kuti fayilo ya poloti yawo siyikupezeka. Funso lake n'lakuti: poti pepala palibe, kodi angoitana amisiri ayambepo?

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo. Koma chonde musakumbe maziko panopa. Kusowa kwa fayilo sikutanthauza kuti nyumba yanu ndi yozembera lamulo, komanso sikukupatsani ufulu womanga mmene mungafunire. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna chilolezo pa chimango chilichonse chatsopano mumzinda, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ngakhale kugwetsa chomwe chamangidwa popanda chilolezo. Fayilo yasowayo muyenera kuipanganso nokha, pepala ndi pepala, ndipo n'zotheka.

Muyambire pa malo, za nyumba zibwere pambuyo. Malo a mu Mzuzu sali m'manja mwa ofesi imodzi. Ena ndi a Unduna wa za Malo, omwe uli ndi ofesi yachigawo cha kumpoto mumzinda momwemo, ena ndi a bungwe la nyumba la Malawi Housing Corporation (MHC), ena ndi a khonsolo. Madera ngati Chibavi, Chiputula ndi Zolozolo anayamba ngati malo omwe anthu amapatsidwa poloti kuti adzimangire okha, ndipo poyamba ankayendetsedwa ndi a MHC asanaperekedwe ku khonsolo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nyumba ya bambo anu inamangidwa kusinthako kusanachitike. Choncho kafunseninso ku MHC, mwina dzina lawo likadali m'kaundula wakale. Ndipo musadabwe mukamva kuti pulani yodindidwa sinakhalepo n'komwe. M'madera amenewa anthu ambiri ankamanga mmene angathere, chipinda chimodzi chaka chino, china ndalama ikapezeka.

Kunyumba nako fufuzani. Tsegulani sutikesi ya malemu, muone ngati muli kalata yowapatsa poloti, malisiti a msonkho wa malo kapena wa khonsolo, mabilu akale a ESCOM ndi a Northern Region Water Board. Pepala lililonse lokhala ndi dzina lawo ndi nambala ya poloti ndi umboni. Nambala ya polotiyo ndiyo chinsinsi, chifukwa ngakhale fayilo itasowa, poloti imaonekabe pa mapu a dera lonse komanso m'buku la olipira msonkho. Aneba omwe anafika limodzi ndi bambo anu akhoza kukhala ndi mapepala ofanana, ndipo manambala awo angathandize kulondola yanu.

Pali nkhani ina yomwe simunaifunse koma ikundidetsa nkhawa kuposa fayiloyo. Poloti ikadali m'dzina la malemu. Inu mulipo angapo, ndipo mukufuna kuthirapo ndalama zambiri. Lero mukugwirizana, koma tinyumba ta lendi tikayamba kubweretsa ndalama mwezi ndi mwezi, mafunso adzabwera: anagula simenti ndani, anagula malata ndani, nanga mlongo yemwe sanasonkhe kanthu alandire zingati? Mabanja ambiri abwino asiya kulankhulana chifukwa cha zimenezi. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 lili ndi njira yake. Ngati bambo sanasiye wilo, pafunika makalata a khoti osankha woyendetsa chumacho, ndipo ofesi ya Administrator General kapena ya DC ingakulondolereni. Mukatero musinthe umwini, mulembe pangano la banja, aliyense asayine. Pempho lomanga limayenda bwino likachokera kwa munthu yemwe dzina lake lili pa mapepala a malo.

Kenako itanani saveya wovomerezeka, woyeza malo, adzapeze mabikoni, zizindikiro za malire a poloti. Mpanda wamaluwa kapena wa njerwa omwe mwauzolowera si malire. Pa zaka zonsezi mipanda imasuntha, ndipo tinyumba takuseri ndi tomwe timakonda kulowerera kwa aneba, mu msewu kapena pamwamba pa paipi ya madzi.

Tsopano za nyumba yeniyeniyo. Pezani wojambula mapulani wolembetsedwa adzayeze nyumbayo mmene iliri lero: makoma, zitseko, mazenera, denga, chimbudzi, dzenje la sepitiki. Chojambula chimenecho ndicho chidzalowe m'malo mwa pulani yosowayo, ndipo pamwamba pake ajambulepo zomwe mukufuna kuwonjezera. Zonse zikapita limodzi ku khonsolo, komiti yoona za mapulani imakhala ndi poyambira.

Koma pulani yakale ikanapezeka, ikanakuuzani zomwe maso sangaone, makamaka kuzama kwa maziko. Poti palibe, muyenera kuona nokha. Injiniya akumbitse maenje awiri kapena atatu m'mbali mwa khoma, aone ngati pansi pali konkire kapena njerwa zokha, akande pulasitala aone ngati njerwazo zinamangidwa ndi simenti kapena dothi, aonenso ngati pamwamba pa mazenera pali bimu yomanga nyumba yonse. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo ndi zadothi mkati, simenti ili kunja kokha. Inu mukuidziwa mvula ya ku Mzuzu, mmene imagwera mpaka Epulo nthaka n'kukhuta madzi. Mu Epulo 2016 nyumba zambiri zinagwa mumzindawu, makamaka za m'madambo ndi m'malo otsetsereka. Chivomerezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 nachonso chinaonetsa zomwe zimachitikira khoma lopanda bimu. Khoma latsopano lolemera likalumikizidwa ku lakale lofooka, mng'alu umayambira polumikizira pomwepo. Injiniya akakayikira, ndi bwino zipinda zatsopanozo ziime pa maziko akeake. Ndalama ya injiniya ndi yochepa poyerekeza ndi denga logwera ana a eni.

Ku khonsolo mubwerereko, koma ulendo uno ndi kalata. Lembani kwa mkulu woona za mapulani, mutchule nambala ya poloti, munene kuti munauzidwa kuti fayilo siyikupezeka, mupemphe kuti akuyankheni polemba ndipo atsegule ina. Kope lanu alidinde tsiku lomwe alandira. Mawu a pakamwa mawa akhoza kukanidwa, koma chidindo chimakhala.

Mukamayenda m'maofesimu mukumana ndi madobadoba olonjeza kuti fayilo ipezeka mawa mukawapatsa kangachepe. Musawapatse. Pepala lobwera mwa njira imeneyo likhoza kukhala lachinyengo, ndipo mudzalizindikira mochedwa, tsiku lomwe mukufuna ngongole ku banki kapena kugulitsa nyumbayo. Ndalama iliyonse mulipire pa kauntala, mulandire lisiti.

Zonsezi zitenga miyezi, ndiye ngati mwagula kale simenti, ibwezeni kapena muigulitse isanaume, chifukwa chinyezi cha ku Mzuzu sichichedwa kuiwononga. Mchenga ndi miyala zikhoza kudikira. Chilolezo chikatuluka, pulani yodindidwayo muijambule pa foni, mupange makope angapo, m'bale aliyense asunge lake.