Mwafunsa za geni ya zagalasi, mvetserani achemwali

Achemwali mwafunsa kuti geni yotenga ziboliboli zagalasi ku Joni kubweretsa kuno imayenda bwanji komanso mungayambe ndi ndalama zingati. Za ndalamazo musandifunse, aliyense amadziwa thumba lake. Ine ndayenda msewu umenewu zaka zambiri, Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza, ndipo ma lodge ambiri a kunyanja mukaona kanjovu kagalasi pa reception mudziwe kuti mwina kanadutsa m'manja mwangamu.

Choyamba musamasakanize zinthu. Pali galasi louzira, ngati tinyama ta ku Ngwenya Glass ku Eswatini, amasungunula mabotolo akale n'kupanga tinjovu, timvuu, matambula, fakitale ija anaitsegulanso mu 1987 ndipo mpaka pano ikugwira. Zimenezo ndi zophweka, mumakulunga bwino n'kuika pakati pa mabulangete basi. Koma pali lina lothira m'chikombole, limeneli ndi nkhani ina ndipo ndi limene linatsala pang'ono kundigulitsitsa nyumba.

Ndinadziwana ndi mayi wina wa ku Johannesburg amene ntchito yake ndi yomweyi. Ndinakhalapo pa studio yake masiku angapo ndikudikira katundu ndiye ndinaona ndi maso angawa. Amayamba kuumba chinthucho ndi phula, kenako amachikuta ndi pulasitala wosakaniza ndi silica, ufa wa mchenga wosalala kwambiri, zikauma amasungunula phula lija ndi nthunzi kuti mkati mutsale mphako, ndiye amaika zidutswa za galasi pamwamba n'kulowetsa mu uvuni moto wake kupitirira madigiri 800, galasi lija limatsikira lokha pang'onopang'ono kudzaza mphako ija. Koma ntchito yeniyeni ndi kuziziritsa. Chinthu chokhuthala chimakhala mu uvuni masabata, kutsitsa moto pang'onopang'ono, ukafulumira chimang'ambika chokha mkati ngakhale patapita miyezi. Chikombolecho amachiswa potulutsa ndiye palibe chachiwiri chofanana nacho. Akatero akhalenso masiku akupala ndi kupukuta ndi madzi manja kuchita kutuwa. Mu 2023 magetsi ankazima tsiku ndi tsiku ku Joni ndiye mayi uja ankagona pafupi ndi jenereta kuopa kuti uvuni uzizira pakati pa usiku. Ndimamupatsa ulemu mayi ameneyu, anayamba ndi kupanga timbale tating'ono togulitsa pamsika, lero zinthu zake zimakhala mu gallery.

Ndiye bwana wina wa lodge anaoda chiboliboli cha nkhwazi itagwira nsomba, cha mtundu wa madzi a m'nyanja, cholemera ngati ndowa yodzaza madzi. Anandipatsa theka la ndalama, theka linalo ndinaika zanga kuphatikiza ngongole ya banki mkhonde poti ndinkadziwa kuti phindu lake ndi la maulendo atatu. Tinadikira miyezi inayi. Mayi uja anachipakira yekha mu bokosi la matabwa, siponji mbali zonse, malisiti onse ndi kalata yofotokoza kuti ndi chiyani zili m'chikwama mwanga.

Tafika pa boda ina, sinditchula, usiku wa manda. Bwana wina wa yunifolomu watsegula bokosi, wawalitsa tochi, basi akuti mayi uwu ndi mwala wa mtengo wapatali mukuzembetsa. Ndikumuonetsa mapepala sakufuna ngakhale kuwayang'ana. Ndikuti bwana onani timathovu ta mpweya mkatimu, ili ndi galasi, iye akuti timadziwa ife zochita zanu amayi a geni. Ndinkadziwa chimene ankafuna koma tsiku limenelo mtima unakana, zonse zinali m'malo mwake ndiperekerenji ya fanta? Basi inandisiya. Ndinagona pa khonde masiku atatu ndi chitenje chimodzi, akuti tikudikira wodziwa za miyala. Tsiku lachitatu mnzake wina anatenga sipanala n'kugogoda pa phiko kuti amve kulira kwake. Achemwali kaphokoso kaja ndimakamvabe mpaka lero. Phiko linathetheka mzere kuyambira kunsonga kufika pa khosi. Kenako akuti tengani katundu wanu mayi ndi galasi ndithu, ngakhale pepani osanena, ndipo palibe analemba paliponse kuti anagogoda ndani.

Bwana wa lodge anakana kulandira, sindimuimba mlandu. Ndinayenera kubweza theka lake lija ndipo tinapangana m'marandi, ndiye mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndisanamalize kubweza, ngongole inakula ndikuiona. Ndinagulitsa firiji, mashini osokera ndi kapuloti kanga kamene ndinkasungira ana. Mayi wa ku Joni uja nditamutumizira chithunzi analira pa foni, osati za ndalama ayi, miyezi inayi ya ntchito yake. Galasi lotere silimatika, mzere umaoneka basi ukaunika.

Ndiye mukafuna kulowa geni imeneyi bokosi lisapite mu thirela, kondakitala anene zotani, lipirani mpando wina likhale pambali panu. Jambulani vidiyo popakira ndiponso akamatsegula pa boda, atukwane bwanji musazimitse foni. Ndipo aja amakuuzani za mapepala ophweka a COMESA aja, bungwe la malonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, South Africa sili mu COMESA, musadzanamizidwe ndi ma ajenti oyendayenda pa geti. Makasitomala anga sindikupatsani, ndinawapeza ndi thukuta. Yambani ndi tinjovu tating'ono touzira tija kaye muone ngati mungafike nato ku Blantyre chitamba chili chonse.

Nkhwazi ija ili pa sitingirumu panga, ndinaitembenuza kuti phiko long'ambikalo liyang'ane kukhoma. Mayi uja wandiuza kuti akuumba ina, phula lake wamaliza sabata yatha, ndipo akuti sapatsa wina aliyense kuti ainyamule koma ine.